"Ttuk!": mmene amayi a ku Korea amatontholetsera mwana

Mwana akalira ku South Korea, amayi ambiri amangoti "Ttuk!", kutanthauza kuti tonthola pompano. Mwanayo amatontholadi. Koma ife a uphungu wa zamaganizo timasiyanitsa kuleka kulira ndi kudziwa kukhazika mtima pansi. Kuleka kulira kumatheka ndi mantha okha. Kukhazika mtima pansi mwana amayamba kukuphunzira ali pathupi pa munthu wina.

Apa amayi a ku Korea amayamba bwino. Kuyambira kale amabereka khanda kumsana ndi nsalu yotchedwa podaegi, monga timachitira ndi chitenje, ndipo mabanja ambiri amagona nalo chipinda chimodzi. Khanda silingadzitonthoze. Limadalira mawu ndi kufunda kwa mayi ake kuti mtima ubwerere m'malo, ndipo zikachitika kambirimbiri limazolowera kuti mantha amatha.

Ana akamasinkhuka amaphunzira nunchi, luso lodziwa zimene zili mumtima mwa wina popanda kuuzidwa. Ndi luso labwino, koma ndimalikayikira pang'ono. Mwana wa nunchi angadziwe msanga kuti amayi atopa, osazindikira kuti iye mwini wakwiya.

Kukhwimitsa malamulo pakokha si vuto. Mu 1985, Ronald Rohner ndi Sandra Pettengill anapeza kuti achinyamata a ku Korea ankaona kulamulira kwa makolo ngati chizindikiro chakuti amawakonda. Chopweteka ndi chikondi chimene mwana amaona kuti ayenera kuchilipira, ndipo malipiro ake nthawi zambiri ndi mayeso. Suneung, mayeso olowera ku yunivesite, amalembedwa tsiku limodzi mu Novembala, ndipo ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera pamene ophunzira akumvetsera gawo la Chingerezi. Ku Daechi-dong mu Seoul, amayi amadikira m'magalimoto kunja kwa sukulu zowonjezera zotchedwa hagwon mpaka 10 koloko usiku. Mwana woona amayi ake akudzipereka chotere anganene bwanji kuti akuopa kulephera? Amangomeza.

Kumezako Akoreya anakupatsa dzina, hwabyung, nthenda ya mkwiyo wosungidwa. Munthu amamva kutentha ndi kubanika pachifuwa, tulo osabwera, ndipo nthendayi imagwira kwambiri amayi azaka zapakati. Mayi amene anakula akumeza zakukhosi savutika kuphunzitsa mwana wake zomwezo, ngakhale osafuna.

Zinthu zayamba kusintha. Mu 2021 dziko la South Korea linachotsa ndime 915 ya malamulo ake, imene makolo ankadzitetezera nayo akamenya ana, ndipo dokotala wa zamaganizo Oh Eun-young watchuka polangiza makolo pa TV. Chimene alangizi amapempha n'chochepa: mayi ayambe watchula zimene mwana akumva. "Wakwiya chifukwa ndazimitsa foni eti? Bwera kuno." Foniyo ikhalebe yozimitsa, mwanayo alire ali pamiyendo pa amayi ake mpaka mtima utsike.