Kuduka kwa mtsempha wa Achilles kwa achinyamata ochita jiminasitiki

Mtsempha wa Achilles umalumikiza katumba wa kumwendo ndi fupa la chidendene. Umakonda kuduka masentimita 2 mpaka 6 pamwamba pa chidendene, pomwe magazi amafika ochepa. Mu jiminasitiki umaduka kwambiri pamasewera a pansi, mwana akamajowa kuti apidiguke chammbuyo, chifukwa apo mtsempha umakokeka ndi kusenza thupi lonse nthawi imodzi.

Wovulala amamva kuti phwa, ngati wina wamumenya kumbuyo kwa mwendo. Ambiri amathabe kuyenda motsimphina, n'chifukwa chake makolo ndi aphunzitsi amayesa wangobinya. Ngati sakutha kuimirira ndi zala za mwendo umenewo, asapondenso, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala amamugoneka chafufumimba n'kufinya katumba: phazi likapanda kugwedezeka, mtsempha waduka. Muuzeni dokotala ngati mwana amamwa ciprofloxacin (mankhwala opha mabakiteriya) kapena anabayidwa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) pafupi ndi chidendene, pakuti zonsezi zimafooketsa mtsempha.

Opaleshoni imayenda bwino ikachitika m'masabata 2 oyambirira, nsonga za mtsempha zisanatalikirane. Pambuyo pake mwendo umakhala m'chikhakha pafupifupi masabata 2, zala zitaloza pansi, ndipo mwana amayendera ndodo. Kenako amavala nsapato yapadera yokhala ndi zokweza chidendene, zomwe amachotsa chimodzichimodzi kufikira sabata ya 8 kapena 10.

Vuto lalikulu ndi changu. Ochita jiminasitiki anazolowera kudziwongola tsiku lililonse, koma kukokera phazi m'mwamba m'masabata 12 oyambirira kumachititsa mtsempha kupola utatalika. Wotalika sufupikanso ndi mafizo, ndipo mphamvu yodumphira imachepa mpaka kalekale. Chilonda chikafiira kapena kutuluka mafinya, bwererani kuchipatala. Katumba akatupa n'kumapweteka, kapena mwana akamabanika, thamangirani kuchipatala: mwina magazi aundana.

Kuthamanga kumayamba pakatha miyezi 4 mpaka 6, kupikisana miyezi 6 mpaka 12. Courtney Kupets, wochita jiminasitiki wa ku America, anaduka mtsemphawu mu 2003 ali ndi zaka 17, ndipo mu 2004 anapata mendulo pa Olimpiki ya ku Athens. Komabe musawerenge miyezi yokha. Asanabwerere kopidiguka, mwana azitha kunyamuka ndi zala za mwendo wovulalawo mofanana ndi mwendo winawo, popanda ululu.