Babu woyaka usiku wonse safulumizitsa maluwa a chamba chachimuna

Kwa zaka zambiri kuno ku Nkhotakota ndakhala ndikumva mawu omwewo: akuti chamba chachimuna chikakhala m'kachipinda, uzichiyatsira babu usiku wonse kuti chichite maluwa msanga n'kutulutsa mungu wambiri. Ndatopa nawo, chifukwa si zoona.

Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Chimadikira mdima wosadukiza wa maola pafupifupi 12. Kuwala kwa maola 18 kapena kuposerapo kumangokulitsa masamba ndi tsinde, ndipo kuyatsa babu pakati pa usiku kumatha kuchedwetsa maluwawo. Ilipo mitundu ina imene imachita maluwa potengera msinkhu wake, koma nayonso babu sayithamangitsa.

Nthawi ikakwana, m'mfundo za chachimuna mumalendewera timatumba ting'onoting'ono. Tikatseguka, timatulutsa ufa wachikasu wopepuka, wouluka ndi kamphepo kalikonse. Mdani wa ufawu ndi chinyontho, ngati chathu cha m'mbali mwa nyanja chija. Ukanyowa umafa msanga.

Musati mukayesere pa chamba, chonde. Lamulo la 2020 limalola okhawo a chiphaso, ndipo kulima popanda chiphasocho ndi mlandu. Onani nandolo wamakolo m'munda mwanu: mumadzala ndi mvula yoyamba, amakula mpaka kukupitirirani msinkhu, koma maluwa amadikira usiku utalike mvula ikamatha. Mlangizi wa zaulimi akhoza kukufotokozerani zomwezi.

Wina akakuuzani za babu uja, kaya pa WhatsApp kaya pabawo, mufunseni kumene adazionera musanakauze mnzanu.