Ubongo wa mwana sudikira tsiku la sikelo

"Mimba ikadali yaing'ono, ndikayamba sikelo ikaonekera." Mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa amene amawanena sadziwa kuti ntchito yaikulu imakhala itatha kale.

M'sabata yachitatu mayi atatenga pakati, maselo a kumsana kwa mluza amayala kansalu kopyapyala. M'mbali mwake mumapindika mpaka kukumana, n'kukhala kachubu. Kumtunda kwa kachubuko kumasanduka ubongo, kumunsi kumasanduka mtsempha waukulu wa mumsana. Pofika tsiku la 28 kamayenera kukhala katatsekeka. Tsiku la 28! Mayi apo n'kuti akungodabwa kuti mwezi uno sanasambe. Kakalephera kutsekeka kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, chomwe timati spina bifida, ndipo ambiri mwa ana otere madzi amadzadzanso m'mutu.

Maselo amene akugawikana mofulumira chotero amafuna vitamini wotchedwa folic acid kuti apange DNA, malangizo amene selo lililonse limayendera. Kafukufuku wa Medical Research Council ya ku Britain, yemwe anatuluka mu 1991, anaonetsa kuti kwa amayi omwe anaberekapo mwana wotere, folic acid anachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi pafupifupi 70 peresenti. Koma amayenera kumwedwa mimba isanabwere, mamaikulogalamu 400 patsiku. Amene zinawachitikirapo amapatsidwa ochuluka kuposa apo. Bonongwe, nkhwani ndi nyemba zimathandiza, komabe musadalire ndiwo zokha. Ndipo inu amene mumamwa sodium valproate chifukwa cha khunyu, kaonaneni ndi dokotala musanatenge pakati, poti mankhwalawa amawonjezera chiopsezo cha vutoli. Osasiya nokha mankhwalawo.

Pali khanda lina limene silichoka m'maganizo mwanga. Linabadwira kunyumba, kachotupa pamsana katangophimbidwa ndi kakhungu koonekera mkati. Akuluakulu anati ndi zamatsenga, bambo ake anadumpha mwambo. Sing'anga anatema mphini mozungulira chotupacho n'kupaka zakuda. Pomafika kwa ife kuchipatala, liwombo linali litatukuka, thupi likutentha, majeremusi atalowa kale mpaka ku ubongo. Mayi ake anandifunsa ngati analakwa penapake. Sanalakwe, anangomvera akuluakulu.

Chotupa chotere ndi khomo lolowera ku ubongo. Musachiteme, musachifinye, musachipake kanthu. Chiphimbeni ndi nsalu yoyera, mwana agone chafufumimba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mutu ukayamba kukula msanga, maso n'kumayang'ana pansi, musati tidikire kaye tione. Madzi amenewo akufinya ubongo umene ukukula, ndipo opaleshoni yochedwa sibwezera zimene zawonongeka.