Mukagwa pa njinga ya hayala kunyanja, lekani kunena kuti "ndangobinya"

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito yoona za mafupa, mawu amene anditopetsa koposa ndi awa: "Adokotala, sikuthyoka ayi, ndinangobinya." Munthu akunena zimenezi atafungatira dzanja pachifuwa, ndipo ndikamufunsa kuti anagwa liti, amawerenga miyezi osati masiku. Ena mwa anthuwa ndi obwera kutchuthi kwa abale ku South Africa, ndipo nkhani yawo imafanana. Anabwereka njinga m'mbali mwa nyanja, anagwa, anadzuka n'kusasa mchenga, ulendo n'kupitirira.

Sindikuletsa munthu kupalasa. Ine ndemwe ndinapalasapo mumsewu wa oyenda pansi ndi apanjinga uja wa ku Durban, kuchokera ku uShaka Marine World, kudutsa cha pabwalo la masewero la Moses Mabhida, mpaka ku Blue Lagoon pamene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Ndi pathyathyathya, galimoto palibe, ndipo mzindawo umauona bwino kuposa uli pazenera la takisi. Koma kukoma komweko ndi kumene kumapusitsa anthu. Amati munthu wokulira pa njinga, wonyamulapo matumba a chimanga ndi makala, angagwe bwanji pamalo osalala chonchi?

Amagwa ndithu. Mphepo imauluzira mchenga pamwamba pa simenti, ndipo tayala lakutsogolo likaponda mchengawo uku mwakoka buleki, limangoterereka. Njingayo si yanu, simukuidziwa. Zina buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, zina kumanzere, zinanso zimaima mukapalasa chobwerera m'mbuyo, moti wozolowera njinga zakumudzi amafinya chogwirira pomwe palibe chofinya. Mpweya wamchere umadya mawaya a mabuleki ngakhale penti ikuwala. Ku Cape Town, cha ku Sea Point, onjezanipo mphepo ija ya m'miyezi yotentha imene imakankha munthu cham'mbali. Kenako pali foni m'dzanja limodzi, maso ali kumafunde, mwana wa eni n'kutulukira kutsogolo. Mphindi ziwiri zoyesa mabuleki musanachoke pamalo obwereketsa zingachepetse ngozi zambiri, koma imeneyo si nkhani yanga lero. Nkhani yanga ndi zimene mumachita mutagwa kale.

Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho. Mphamvu yonse ya thupi imatsikira povalira wotchi paja, pomwe pali timafupa 8 tondondozana m'mizere iwiri. Mwa timafupati, kamene kamathyoka kawirikawiri ndi kamene kali kumunsi kwa chala chachikulu. Kuchipatala timakatchula kuti scaphoid, ndipo kamaoneka ngati kabwato. Tambasulani dzanja, mukweze chala chachikulu m'mwamba. Muona kadzenje pakati pa mitsempha iwiri, paja agogo ena ankathirapo fodya wamphuno. Fupa ndikunenali lili pansi pa kadzenjeko. Ngati munagwera chikhatho ndipo mukasindikiza pamenepo pakuwawa, ineyo ndimaliona ngati lathyoka mpaka umboni utanditsutsa.

Vuto la kafupaka n'lakuti sikachita phokoso. Dzanja silipindika, silitupa kwambiri, zala zimagwedera bwinobwino, ndipo pakatha masiku ochepa ululu umayamba kuzilala. Ndiye mumamva anthu akuti, "likanathyoka sukanatha kugwira kapu." Bodza limeneli lapundula manja ambiri. Chachiwiri, magazi amalowa m'fupali kuchokera kumbali ya zala n'kumabwerera chakumkono. Likathyoka pakati, chidutswa cha kumtunda chikhoza kusowa magazi n'kufa. Fupa lakufa sililumikizana, ngakhale mutalisisita chaka chathunthu.

Ndipo mvetsetsani apa, chifukwa ndi pomwe ngakhale ofika kuchipatala msanga amasocherera. X-ray ya tsiku loyamba nthawi zina sionetsa mng'alu. N'chifukwa chake timaika chikhakha kapena chomangira cholimba ngakhale chithunzi chili choyera, n'kukuuzani kuti mubwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14 tidzajambulenso, kapena tikutumizeni ku makina ojambula mozama kuposa X-ray, otchedwa MRI kapena CT, kumene alipo. Tikalipeza msanga ndipo silinasunthe, chikhakha cha masabata 6 mpaka 12 chimakwanira kwa anthu ambiri. Osuta fodya amachedwa kupola, ndipo ndimawauza mosabisa.

Pali bambo wina amene sachoka m'mutu mwanga. Ndi kalipentala, wa zaka za m'ma 30, ndipo anapita kukaona mkulu wake ku Durban. Anagwa Lamlungu masana, pa liwiro limene mwana woyenda pansi akanam'pitirira. Mkulu wakeyo anam'gulira bandeji ndi mankhwala opha ululu kufamase. Kuchipatala sanapite, poopa ndalama komanso poopa kutaya tsiku pamzere pomwe tikiti ya basi inali kale m'thumba. Anadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Tete mpaka pa Mwanza dzanja lili pamwendo. Anandipeza patatha sabata imodzi chigwereni. Kadzenje kaja kankawawa. Chithunzi sichinaonetse kanthu. Ndinamuika chikhakha n'kumuuza tsiku lobwera.

Sanabwere. Ndinadzamuonanso patapita chaka ndi miyezi iwiri, akulephera kukhoma msomali. Anandifotokozera yekha, mosabisa kanthu. Atafika kunyumba anthu anam'funsa kuti, ngati chithunzi chati fupa lili bwino, chikhakha n'chachiyani? Ntchito ya mipando inali ikudikira, mwini wake atapereka kale theka la ndalama. Anachiviika m'madzi n'kuchidula ndi sowo yake yomwe. Mayi ake anam'thowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ululu utabwerera anapita kwa munthu wina wotchuka kuderalo kuti amabwezera mafupa, amene anam'koka dzanja mpaka linalira, n'kunena kuti mtsempha unakwerana ndipo tsopano wabwerera. Kenako anatemedwa mphini kuzungulira dzanja lonse, pomuuza kuti wina anam'chitira nsanje chifukwa cha ulendo wa ku Joni. Zipsera zake ndinaziwerenga ndi maso anga.

Chithunzi chachiwiri chinaonetsa zidutswa ziwiri zotalikirana, chakumtunda chitayera mbee posonyeza kuti chikusowa magazi, ndipo nyamakazi inali itayamba kale m'mbali. Pamenepo nkhani ya chikhakha inali itatha. Chotsala chinali opaleshoni, kutenga kachidutswa ka fupa pena, kawirikawiri m'chiuno, kukaika pamng'alupo n'kumanga ndi kachitsulo, popanda lonjezo lakuti dzanja lidzabwerera mwakale. Chimene chimandipweteka n'chakuti tsiku loyamba lija ndinanena mawu akuti "chithunzi chili bwino" ndisanafotokoze kuti chithunzi choyamba chimatha kubisa. Anagwira mawu oyambawo, enawo anapita ndi mphepo. Kuchokera tsiku limenelo sindiyambanso choncho. Ndimayamba ndi kuti, "Bambo, dzanja ili ndikuliona ngati lathyoka," zachithunzi zimabwera pambuyo.

Za okoka mafupa ndilankhule poyera. Munthu amene alibe chojambulira sangadziwe zimene zili pansi pa khungu, kaya manja ake ndi odala chotani, kaya anachiritsa angati m'mudzimo. Ambiri amene amati anachira kwa iye anali obinyadi, ndipo akanachira okha. Wothyoka akakokedwa, zidutswa zimene zinali zitagundana bwino zimasuntha, ndipo chimene chikanapola ndi chikhakha chimasanduka cha mpeni. Mphini zimangowonjezera zilonda pamalo amene mwina tidzafunika kung'amba. Mankhwala opaka otenthetsa aja, kaya a m'sitolo kaya a m'basi, amangophimba ululu, ndipo ululuwo ndi umene ukanakubweretsani kwa ife nthawi ikadalipo.

Dzanja limakupatsani masiku. Mutu ndi mimba sizipereka mpata wotero. Ku South Africa lamulo limafuna kuti wokwera njinga pamsewu avale chipewa choteteza mutu, choncho pobwereka chifunseni ndipo mumange lamba wake, osangochikhazika. Ngati mwamenyetsa mutu, kudzuka n'kumaseka si umboni wakuti muli bwino. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza munthu akucheza, kenako n'kukomoka patapita maola. Kusanza, mutu wowawa mowonjezereka, tulo tosaletseka, kusokonezeka kapena kuiwala momwe munagwera, zonsezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo, osati za kukagona kaye. Chimodzimodzi ngati chogwirira chakubayani pamimba, makamaka kumanzere pansi pa nthiti. Pamenepo pali kapamba, ndipo kwa ife okulira m'dziko la malungo kamatha kukhala kotupa kale, kosachedwa kuphulika. Chizungulire, thukuta lozizira, kapena ululu wa paphewa lamanzere pomwe simunagwerepo ndi zizindikiro zakuti magazi akutayikira m'kati. Imbani 112 pafoni ya m'manja, kapena 10177 ya ambulansi. Ndikudziwa kuti abale athu ena amaopa kufunsidwa mapepala, koma malamulo aakulu a dzikolo, ndime 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Musakwere basi ya masiku awiri muli ndi zizindikiro zimenezi. Zilonda zokhulika nazo tsukani ndi madzi oyera ambiri mpaka mchenga wonse utachoka, ndipo funsani za jakisoni wa kafumbata.

Kalipentala uja anachitidwa opaleshoni. Ululu unachepa, koma dzanja silipinda kufika pomwe linkafika, ndipo hamala akaigwira nthawi yaitali limafooka. Pano amayeza ndi kulemba mizere, kukhoma ndi kupala anasiyira mnyamata amene amam'lipira. Ulendo womaliza anandionetsa pafoni chithunzi cha tsiku lija, ali pa njinga, kumbuyo kuli nyanja, ndipo anandilozera pamene panali mchenga.