Akatuluka ku Sun City akagona kwa yani?

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yothandiza abambo otuluka m'ndende, ndipo abale akabwera kwa ine sindiyamba ndi za mlandu. Ndimawafunsa kuti tsiku lotulukalo munthuyu akagona kwa yani. Ambiri amangoyang'anana.

Kwa Mmalawi nkhani imayambira pa mapepala. Ngati chilolezo chokhalira m'dziko muno chidatha, kapena kunalibe n'komwe, munthu akamaliza chilango ku ndende ya Johannesburg, ija timati Sun City, kapena ku Leeuwkop, sangotulukira kumsewu ayi. Amaperekedwa kwa a Home Affairs, oona zolowa ndi kutuluka m'dziko, n'kupita naye ku Lindela, malo osungira obwezedwa kwawo ku Krugersdorp, kukadikira ulendo wa kumudzi. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 silola kumusunga masiku opitirira 120 akudikira kubwezedwa. Abale, gwirani nambala imeneyo. Pasipoti ikakhala kuti idasowa, pitani msanga ku ofesi ya kazembe wa Malawi mukafunse za chikalata choyendera.

Amene mapepala ake ali bwino angathe kutuluka pa parole, kutanthauza kumalizira chilango ali kunja akuyang'aniridwa, koma pamafunika adiresi yeniyeni, ndipo a zandende amabwera kudzaona pakhomopo. Apa m'pamene timavutika ife okhala anthu asanu chipinda chimodzi ku Mayfair kapena ku Rosettenville, osamuka lendi ikangokwera. Kusamuka osanena ndi kuphwanya parole, ndipo munthu angabwerere m'ndende wosaba kanthu, wosamenya munthu. Ntchito nayo njovuta kupeza ukakhala ndi mbiri ya mlandu. Mbiri ya mlandu ingathe kufafanizidwa pakatha zaka 10, ndiponso pa zilango zing'onozing'ono zokha. Amene adalamulidwa kukhala m'ndende popanda mwayi wolipira faindi, kawirikawiri imam'tsatabe. N'chifukwa chake ndimawalangiza kuyamba ndi maganyu kwa munthu wowadziwa, kupenta kaya kusoka, uku akufunsa thandizo ku NICRO, bungwe lomwe lakhala likuthandiza otuluka m'ndende kuyambira 1910.

Mankhwala musawaiwale. Wakumwa ma ARV kapena a TB atuluke ndi kalata ya ku chipatala cha m'ndende, chifukwa a TB ndi a miyezi 6 ndipo safuna kudumphitsa.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi manyazi. Mwamuna adachoka ku Mangochi kapena ku Mzimba atalonjeza malata ndi fizi ya ana. Lero abwerere atanyamula jumbo yokha? Ena adauza anzawo kuti kumudzi asakanene, mwakuti mayi awo amangoti mwana adatchona. Ndaonapo bambo wamkulu atagwira foni kwa ola lathunthu, nambala ya mkazi wake ili pomwepo, chala chikukana. Munthu wotere sachedwa kubwerera kwa anzake a m'ndende, poti iwowo samufunsa mafunso.

Sindikuti muiwale zimene adachita, makamaka ngati wolakwiridwayo ali m'banja momwemo; pamenepo chitetezo cha mayi ndi ana chiyambe. Koma chibale ndi fupa. Amalume kapena achimwene aimbe foni kumudzi iye asanatuluke, anene zoona, kuti pofika pa Mwanza kapena pa Dedza apeze wina akumudikira ndi ndalama ya minibasi.