Nambala yothera ndi 7 si ya prime nthawi zonse

Ndatopa nako kumva ophunzira, ngakhale a Fomu 4 amene akuyembekezera mayeso a MSCE, akunena kuti nambala ikakana kugawika ndi 2, 3 ndi 5, ndiye kuti ndi ya prime, kutanthauza nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo mwini basi. Sabata yatha mnyamata wina wa ku Chinamwali anandiuza motsimikiza kuti 91 ndi ya prime, ndipo nditamuuza kuti achulukitse 7 ndi 13, anangoti kakasi, cholembera chili kukamwa.

Taonani nambala iyi: 4,294,967,297. Imapezeka mukachulukitsa ma 2 okwana 32 n'kuwonjezerapo 1. Siyigawika ndi 2 kapena 5 poti yathera ndi 7, ndipo mukawonkhetsa manambala ake onse mupeza 59, kusonyeza kuti 3 nayenso saloŵamo. Wophunzira wofulumira amaimira pomwepa n'kulemba yankho. Sindimudzudzula kwambiri, pakuti Pierre de Fermat wa ku France, katswiri weniweni wa masamu, anapunthwa pa nambala yomweyi. Mu 1640 iye anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, amene nawonso amapezeka potenga 2 kapena kuchulukitsa ma 2 okwana 2, 4, 8 ndi 16 n'kuwonjezerapo 1, onse ndi a prime, ndipo anakhulupirira kuti yotsatira m'banja lawo, yomwe ndi yathuyi, idzakhalanso chimodzimodzi.

Panapita zaka zoposa 90 kufikira mu 1732, pamene katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anaonetsa kuti 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417 kumabweretsa nambala yathuyi ndendende, popanda chotsala. Aŵiriwo ndi a prime, choncho nambalayi ili m'gulu la semiprime (manambala opezeka pochulukitsa a prime aŵiri), ndipo yogawika nayo ilipo inayi yokha: 1, iwo aŵiriwo, ndi iyo mwini. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sipafunika kuyesa manambala onse. Nambala ya prime yoloŵa m'menemo iyenera kusiya 1 mukaigawa ndi 64, kotero mumangoyesa 193, 257, 449, 577, ndipo wachisanu, 641, amaloŵa.

Koma za mnyamata uja zikundiŵaŵabe mumtima. Lamulo labodzalo sanalipeke yekha. Analigula kwa bambo wina amene amasonkhanitsa ana madzulo n'kumawalipiritsa kuti awapatse "njira zachidule", ndipo m'kope mwake munali malamulo ena otere odzaza masamba atatu, opanda chifukwa ngakhale chimodzi cholembedwa pambali. Anthu otere sasiyana ndi aja ogulitsa likasa, kapena aja ouza otchova juga kuti pali manambala a mwayi. Makolo, mwana akabwera ndi lamulo la masamu, mufunseni kuti likuchokera pati, ndipo akalephera kuyankha mupite naye kwa mphunzitsi wake teremu yomweyo, osadikira kuti mayeso afike pakhomo. Mnyamatayu anandipeza kutatsala milungu yochepa, ndipo nthawi imene tikanaphunzira zatsopano tikuithera pofufuta masamba atatu aja, mzere ndi mzere.