Bwanji mpira wa ku Zomba sumveka pa intaneti?

Nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani, monga Zodiak, Times, Nation ndi MBC, zonse zili pa Facebook usana ndi usiku. Malo olembapo sathanso ngati m'nyuzipepala. Nanga bwanji chigoli cha ku Chinamwali kapena ku Thondwe sichioneka? Nkhani yake ndi ya ndalama.

Kale, wogula The Nation, yomwe idayamba mu 1993, ankatenga pepala lonse, ndipo mkonzi sankadziwa bwino kuti anthu awerenga tsamba liti. Lero foni imamuuza zonse: angati atsegula nkhani, angati ayigawa, angati alembapo ndemanga. Mphekesera chabe yoti wosewera wa Bullets akupita ku Wanderers imautsa mkangano wa tsiku lonse. Lipoti lolembedwa bwino la Red Lions ya ku Cobbe Barracks, ngati sinakumane ndi zimphonazo, limadutsa mwakachetechete. Makampani otsatsa malonda amagula maso a anthu, basi, choncho mkonzi amatsata komwe maso ali. Za netibo ya m'sukulu ndiye musanene n'komwe.

Tsono taonani mtolankhani wa kuno. Ambiri amene amatumiza nkhani kuchokera m'maboma sali pa malipiro a pamwezi. Amalandira pa nkhani imene yatuluka. Loweruka akwera kabaza ndi ndalama yake, agula bandulo, aima m'mbali mwa bwalo lopanda mpanda, mayina a osewera akukopera papepala lomwe mphunzitsi walemba ataligoneka pabondo. Kanema wa chigoli amadya bandulo ngati chiswe. Nkhani ikapanda kutuluka, zonsezo zalowa m'madzi.

Apa ndi pomwe chipondamthengo chimalowera. Mkulu wa timu, kapena wandale amene wakhazikitsa chikho chisankho chili pafupi, amapereka "ya thiransipoti". Sindikuikira kumbuyo mchitidwewu, koma wolandirayo sangafunsenso kuti ndalama zolowera pabwalo zapita kuti, kapena chifukwa chake anyamata asewera osadya. Owerenga mumalandira zithunzi za mwini chikho akugwirana chanza ndi kaputeni, mpira weniweniwo mizere iwiri.

Ine ndimaona mpata m'mawayilesi a kuno, Chanco Community Radio ndi YFM. Omvera awo ndi omwewo amene amadzaza mabwalo a m'madera, ndipo mwini golosale ku Songani wofuna kutsatsa malonda ake alibe nazo ntchito zoti aonedwe ku Mzuzu. Akufuna amumve a ku Domasi ndi ku Malosa. Ndalama yakeyo ndi yochepa, koma ikhoza kulipira kabaza ndi bandulo ya mtolankhani mmodzi sabata iliyonse, ngati wayilesi itamugulitsa pulogalamu ya zamasewera pamodzi ndi tsamba lake la pa Facebook, n'kumalandira malipiro pa Mpamba kapena Airtel Money.